Za Antonio Woyera wa ku Padua ndi Mabuku Onena za Iye

Pa 13 Juni Eklezia akumbukira Antonio Woyera wa ku Padua. Dzina limeneli si lachilendo kwathu kuno. Anyamata ambiri analilandira pa ubatizo. Miphakati yambiri, kuyambira kuno ku Naperi kufikira ku midzi ya kutali, itchedwa nalo. Ndipo m'nyumba zina chithunzi chache chili pa khoma: mnyamata wa nkhope yosalala, wovala mkanjo wodera ndi chingwe m'chuuno, duwa loyera ku dzanja limodzi, Mwana Yesu ku dzanja linzache. Koma mukafunsa kuti, Kodi munthu ameneyu anachitanji? anthu khumi adzakuyankhani ndi mau amodzi: Ndiye uja apeza zotayika. Wina wataya mfungulo, wina mbuzi, wina lamya ya m'manja pa chipiringu cha pa msika wa Limbe, napemphera kwa Antonio. Za kuti anali mphunzitsi, za kuti analemba buku lalikulu, za kuti anasinthitsa lamulo la mzinda, kuli zii.

Tsono ndifuna kuti tiyese mabuku onena za iye, monga mai apeta mphale m'lichero kuti gaga apite pa yekha. Sindinyoza gaga ai, pakuti nayenso ali ndi ntchito yache. Koma si bwino kumuyesa mphale.

Buku loyamba kusimba moyo wache linalembedwa m'Chilatini cha m'ma 1232, patangopita chaka chimodzi iye atafa, ndi mbale wina wa chipani chache amene sanalembepo dzina. Ophunzira alitcha Assidua, potengera liwu loyamba la m'bukumo. Wolembayo anafunsa anthu amene anaona Antonio ndi maso, ndipo chifukwa cha ichi ndiliyesa mboni yoyamba. Lili ndi chilema chimodzi chachikulu: lilumpha zaka zimene Antonio anakhala ku France monga ngati kunalibe kanthu. Komabe pamene lilankhula, lilankhula modekha, ndipo munthu amene timuona m'menemo asiyana ndithu ndi wa pa chithunzi chija.

Anabadwira ku Lisbon, m'dziko la Portugal, ndipo dzina lache la ubatizo linali Fernando. Chaka cha kubadwa kwache chimene mabuku ambiri anena ndi 1195. Koma pamene madokotala anapima mafupa ache mu 1981 anapeza kuti anafa ali ndi zaka ngati makumi anai, ndiye kuti anabadwa kale pang'ono kuposa apo. Ali ndi zaka 15 analowa m'chipani cha ansembe otsata malamulo a Augustine Woyera, pa nyumba yao ya São Vicente pafupi ndi kwao. Abale ndi abwenzi anachuluka kudzacheza, namsokoneza. Chotero patapita zaka ziwiri anapempha kuti amsamutsire ku nyumba ya Santa Cruz ku Coimbra. Kumeneko anakhala zaka ngati zisanu ndi zitatu pakati pa mabuku, nawerenga Malembo Oyera usana ndi usiku kufikira anakhala m'mutu mwache monga njira za pa mudzi zikhala m'mapazi a mwana wobadwira pomwepo.

Apa mpamene nkhani yache ikhudza dziko lathu la Africa, ndipo ndizizwa kuti sitiisimba kawirikawiri. Pa 16 Januwale 1220 abale asanu a chipani chatsopano cha Francis wa ku Assisi anaphedwa ku Marrakesh, m'dziko la Morocco, chifukwa cha kulalika kwao. Mitembo yao inabwera nayo ku Coimbra, ku nyumba yomweyo m'mene munali Fernando. Mtima wache unayaka. Anavula chovala cha chipani cholemera ndi chophunzira, navala chiguduli cha abale opemphapempha, natenga dzina la Antonio, popeza kanyumba ka abalewo kanali ka Antonio Woyera wa ku Egypt, mkulu uja wa m'chipululu. Anapangana nao chinthu chimodzi: amtumize ku Morocco kuti nayenso akafe. Anapitadi. Koma m'malo mwa lupanga anakomana ndi nthenda yaikulu imene inamgoneka nyengo yonse ya chisanu. Anakwera chombo kuti abwerere kwao, ndipo mphepo inachikankhira ku chisumbu cha Sicily. Ku Portugal sanapondekonso.

Wolemba Assidua sabisa kuti ulendowu unalephera, ndipo ndimtama pa ichi. Amene anadza kudzathira mwazi wache pa nthaka ya Africa anachokapo ali wodwala, wosatembenuza munthu ndi mmodzi yemwe. Tionenso kuti m'malamulo amene Francis analemba mu 1221 anaika njira ziwiri za kukhala pakati pa Asilamu, ndipo yoyamba ndiyo kusakangana nao, kukhala wofatsa pansi pa anthu onse, ndi kungovomera kuti ndiwe mkhristu. Ife amene titunga madzi pa mjigo umodzi ndi anansi athu Achisilamu tiyenera kuidziwa njira imeneyo koposa ya kufunafuna lupanga.

Ku msonkhano waukulu wa abale ku Assisi mu 1221 palibe anamsamala mlendo wodwalayo. Mkulu wina dzina lache Graziano anamtenga, namuika ku kanyumba ka ku phiri ku Montepaolo, kumene anachita Misa ya abale ochepa, natsuka miphika. Mu 1222, pa mwambo wa kudzoza ansembe ku Forlì, kunapezeka kuti palibe amene anakonzeka kulalika. Anakanirana onse, ndipo potsiriza anakakamiza wotsuka miphika uja. Anayamba ndi mau apansipansi. Asanathe, onse anali kukamwa yasa. Kuyambira tsiku lomwelo anamtuma kulalika m'mizinda ya kumpoto kwa Italy, ndipo pambuyo pache ku France.

Panali chobvuta china. Francis anali kuopa maphunziro, pakuti anaona kuti munthu wodziwa mabuku safulumira kugwada. Koma cha m'ma 1223 kapena 1224 analembera Antonio kakalata ka mizere yowerengeka, namlola kuti aphunzitse abale za Mulungu, pokhapo maphunzirowo asazime mzimu wa kupemphera. Chomwecho Antonio anakhala mphunzitsi woyamba wa chipanicho, naphunzitsa ku Bologna, ku Montpellier ndi ku Toulouse. Ife aphunzitsi tikadachita bwino kukhoma tanthauzo la kakalatako pamwamba pa bolodi, koma ndisapatuke.

Tifike ku buku la mwini wache. Pa zaka zache zotsiriza analemba maulaliki 53 a masiku a Mulungu a chaka chonse, nayambanso ena a masiku a oyera, amene sanawatsirize. Woyamba kuwerenga bukuli akhumudwa, ndipo ndi bwino ndikuchenjezeni. Muyembekeza kumva liwu lija linakokera makamu a anthu ku madambo, koma mupeza Chilatini cholimba, mavesi ounjikana pa mavesi. Chifukwa chache nchakuti awa si mau amene analalika kwa anthu ai. Kwa anthu analankhula chinenero cha pa msika, ndipo palibe anachilemba. Bukuli ndi nkhokwe ya alaliki anzache, kuti munthu atapemo chimanga akakonole yekha kwao.

Kamangidwe kache nkotere. Pa Lamulungu lirilonse atenga mau anai a tsikulo: mbiri ya m'Chipangano Chakale yowerengedwa pa mapemphero a ansembe, nyimbo yolowera Misa, kalata ya Atumwi, ndi Mthenga Wabwino, nawalumikiza. Iye mwini afanizira zinaizi ndi galeta wa njinga zinai, wonga uja anakweza Eliya kumwamba, ndipo adziyesa Rute wokunkha ngala zotsalira pambuyo pa okolola. Luso lache la kukumbukira ndi lodabwitsa: liwu limodzi la m'Mthenga Wabwino limkumbutsa linzache la kwa Yesaya, ilo limkumbutsa la kwa Yobu, mpaka mavesi afika zikwi. Papa Gregory IX atamumva alikulalika anamutcha Likasa la Chipangano, ndipo sananame.

Koma ndinene poyera kuti si ponse pamene galetayo ayenda bwino. Kawirikawiri Antonio athyola liwu pakati, nalipatsa chiyambi chimene ophunzira a zinenero a lero sangachivomere, namangapo chiphunzitso chonse. Pena vesi likana kumene alikulikokera, ndipo iye alikoka ndithu, monga mnyamata akoka mbuzi yopita ku msika. Unali mwambo wa masukulu a nthawi yache, ndipo sitimuimba mlandu. Koma mlaliki wa lero akatsanza zimenezo adzanenetsa Malembo chirichonse chimene mtima wache ufuna. Alipo kale ambiri otere m'misewu ya Blantyre, ndipo safunika kuwaonjezera.

Kumene bukuli likoma ndi pa zinyama. Atenga njuchi, njobvu, chiombankhanga, nthiwatiwa, naturutsamo phunziro. Pofotokoza za chifundo asimba za mbalame zina zazikulu, za miyendo yaitali ngati akakowa, zimene ziuluka ulendo wautali pa mzere. Imodzi itsogolera ndi kulira kuti zinzache zisasokere. Ikasasa mau, ina ilowa m'malo mwache. Ikatopa imodzi, zinzache ziichirikiza kufikira mphamvu zibwerera. Usiku zilondera mosinthana, ndipo yolonderayo ifumbata kamwala ku phazi, kuti ikaodzera kamwalako kagwe ndi kuidzutsa. Za kamwalazo anazitenga m'mabuku akale a anthu osapenyetsetsa, ndipo msodzi aliyense wa ku nyanja ya Chilwa angaziseke. Koma onani m'mene mphakati wonse ukhalira m'fanizo limeneli: mtsogoleri wosakangamira mpando, odwala onyamulidwa, ndi wina wokhala maso pamene ena agona. Makolo athu anaphunzitsa chimodzimodzi ndi kalulu ndi fulu, ndipo palibe anafunsa ngati fulu alankhuladi.

Palinso chifukwa chozama cha zinyamazi. M'mizinda imene analalikamo munali a mpatuko wa Akatari, ophunzitsa kuti thupi ndi zooneka zonse zinalengedwa ndi mzimu woipa, ndi kuti ukwati ndi chodetsa. Munthu amene aona nzeru za Mulungu m'njuchi wayankha kale chiphunzitso chimenecho asanatsegule mtsutso. Anthu a pambuyo anamutcha nyundo ya ampatuko. Koma m'buku lache nyundoyo igwera kopambana pa ansembe ndi maepiskopi okonda chuma. Iye anadziwa kuti anthu sathawa m'nyumba yosadontha.

Ndipo pali mtundu wina wa anthu umene sauleka: okongoza ndalama mwa katapila. Mizinda ya Italy inali kulemera ndi malonda masiku amenewo, ndalama zinayamba kubala ndalama, ndipo alimi ndi amisiri anali kumira m'ngongole. Pa ulaliki wa fanizo la wofesa mbeu Antonio atenga vesi la m'Salimo 104 lonena za nyanja yodzala ndi zokwawa ndi zamoyo zazing'ono ndi zazikulu, nagawa akatapila patatu. Zokwawa ndiwo achita mobisa. Zamoyo zazing'ono ndiwo achita poyera koma pang'onopang'ono, kuti anthu awayese achifundo. Zazikuluzo ndiwo opanda manyazi, okhala pa bwalo ngati ogulitsa malonda ena onse. Anena kuti mano ao ndi a mkango, opera amasiye, ndi kuti kulapa kwao nkwachabe akapanda kubweza zimene analanda.

Abale anga owerenga, kodi apa afunika womasulira? Ku Zingwangwa, ku Ndirande, kuno ku Naperi, munthu wa pa ntchito akongola pakati pa mwezi chifukwa mwana wadwala. Wokongozayo asunga khadi lache la ku banki, ndipo mwezi ukatha atapa yekha ndalama zache ndi theka lina pamwamba, pena kuwirikiza. Wokongolayo abwerera kunyumba chimanjamanja, ndipo mmawa mwache akongolanso kwa yemweyo. Ku mudzi munthu atenga ndowa ya chimanga mu Febuluwale, nabweza thumba pokolola. Akalephera, apita makina osokera, ipita njinga, apita malata a pa denga. Mtundu wachiwiri uja ndiwo undiopsa ine koposa, pakuti ndiwo ukhala nafe m'tchalitchi, nuimba nafe, nunena kuti, Ine ndingothandiza anthu. Ndidziwa kuti m'nthawi ya Antonio Eklezia analetsa chiongoladzanja chirichonse, ndipo lero satero. Amai a banki mkhonde, amene apangana okha phindu laling'ono nagawana onse pakutha pa chaka, sali m'nyanja ya zirombo ija. Koma amene alemera ndi maliro ndi matenda a mnansi wache asadzinyenge kuti mauwa anatha ntchito mu 1231.

Chaka chimenecho ndicho chimene Assidua asimba mwachifatse. Pa Lenti wa 1231 Antonio analalika ku Padua tsiku ndi tsiku masiku makumi anai, chinthu chachilendo pa nthawiyo. Anali atatupa thupi ndi nthenda, wosafanana konse ndi mnyamata wa pa chithunzi. Matchalitchi anachepa, ndipo anaturukira ku dambo. Anthu analawira pakati pa usiku ndi nyali kukagwira malo; eni masitolo anatseka kufikira ulaliki utatha; bukulo liti khamu linafika pa 30,000. Chiwerengero chimenecho tingachichepetse, pakuti palibe anaima pa chipata kuwerenga. Chimene sitingachichepetse ndi zipatso zache: adani anayanjana, andende anamasulidwa, ndipo olanda anabweza, ena mpaka kupinyolitsa nyumba ndi minda kuti apeze chobwezera. Pa ichi tili ndi mboni yachiwiri yosachokera m'chipani chache. M'mabuku a malamulo a mzinda wa Padua muli lamulo la mu Malichi 1231 lonena kuti munthu wolephera kubweza ngongole asaponyedwe m'ndende ngati apereka katundu amene ali naye. Ndipo lamulolo litchula kuti linapangidwa popempha mbale Antonio.

Tisalikuze kopitirira. Wangongoleyo anatsala wopanda kanthu, ndipo pambuyo pache mzindawo unali ndi mwambo wa kumkhazika pa mwala wa manyazi pamaso pa anthu, atavula zovala za pamwamba. Mwalawo ulipo kufikira lero m'nyumba ya milandu yakale ya ku Padua. Komabe munthu anaturuka ndi manja ache awiri kukayambanso, m'malo mwa kuolera m'ndende. Sizonse zinamyendera bwino: m'mwezi wa Meyi anapita ku Verona kukapempha Ezzelino da Romano, mkulu wa nkhondo wouma mtima, kuti amasule andende, ndipo anabwerako wosaphula kanthu.

Atatopa anakapuma ku Camposampiero, kumene anammangira kachisakasa m'nthambi za mtengo waukulu. Nthenda itakula anapempha kuti ambwezere ku Padua pa ngolo ya ng'ombe, koma anafera m'njira, ku Arcella, pa 13 Juni 1231. Pomwepo unabuka mkangano wa maliro. Anthu a dera limenelo anatenga zida nakana kuti mtembo uchoke, abale a m'mzinda naumirira kuti ndi wao, ndipo anamuika Lachiwiri pa 17 Juni. Ife amene tidziwa m'mene akuchimuna ndi akuchikazi alimbirana maliro sitidzadabwa. Pa 30 Meyi 1232, chaka chisanathe, Papa Gregory IX anamlengeza woyera ku Spoleto.

Nanga nsomba zija zinamvera ulaliki wache ku Rimini, ndi buru wanjala uja anasiya chakudya nagwadira Ukaristia, ndi mtima wa munthu waumbombo wopezeka m'bokosi la ndalama, ndi Mwana Yesu m'manja mwache? M'buku loyamba lija mulibe. Zozizwitsa zimene Assidua awerenga ndi za pa manda, za odwala ochira iye atafa kale. Nkhani zinazo zioneka m'mabuku a pambuyo, ena patapita zaka makumi asanu, ena patapita zaka zoposa zana. Ndipo pamene mboni zoona ndi maso zinali kutha, zozizwitsa zinali kuchuluka. Sinditi tizitaye. Nkhani ya mtima wa m'bokosi ndi ulaliki wache womwe uja wa akatapila, wosandulika nthano kuti ndi mwana yemwe aukumbukire. Koma katekisiti azisimba monga nthano zopatulika, asazilumbirire monga alumbirira Kumvera kwa Atumwi.

Za zotayika zinayamba msanga. Mbale wina, Julian wa ku Speyer, anapeka nyimbo ya pa tsiku la woyerayu patangopita zaka zochepa iye atafa, ndipo pakati pa zithandizo zimene atchula pali zinthu zotayika. Pambuyo panadza nthano yakuti mnyamata wina wophunzira za chipani anathawa ndi buku la Masalimo m'mene Antonio analembamo zophunzitsira zache, ndipo atapemphera Antonio, mnyamatayo anabwerera nalo, nabwereranso m'chipani.

Pali ena ophunzira amene aseka mai wopempherera mbuzi yache. Ine sindiseka nao. Kwa munthu wa mbuzi ziwiri, imodzi ikasowa yasowa fizi ya mwana, ndipo Ambuye mwini sananyoze mkazi wosesa m'nyumba kufuna kandalama kamodzi. Ndionanso ubwino wina umene sautchula kawirikawiri. Kwathu kuno chinthu chikasowa, mapazi athamangira kwa woombeza, ndipo ula sulephera kutchula munthu: mlamu, mpongozi, nkhalamba ya kuseri kwa mudzi. Mabanja apasuka ndi zimenezi, ndipo okalamba ena aphedwa. Pemphero la kwa Antonio silitchula dzina la munthu aliyense. Lifuna chinthu chibwere, ndipo m'nthano ija ndi wakuba yemwe anapezeka, nalandiridwa. Choipa chiyamba pamene tiyesa woyerayo sing'anga wa m'tchalitchi, namlonjeza kandulo ngati chipondamthengo, nakwiya akapanda kubweza lamya. Chiposa kuipa pamene wakatapila apachika chithunzi chache pamwamba pa kabati yosungiramo makhadi a eni ache.

Mu 1263, posamutsa mafupa ache kunka m'tchalitchi chatsopano, Bonaventure Woyera, amene anali mkulu wa chipanicho, anapeza thupi litasanduka pfumbi koma lilime lili losabvunda. Alisunga ku Padua mpaka lero. Koma buku limene mwini lilimelo analemba linakhala m'mashelefu zaka mazana, lowerengedwa ndi ochepa, kufikira pa 16 Januwale 1946 pamene Papa Pius XII anamlengeza Mphunzitsi wa Eklezia, namutcha Mphunzitsi wa Mthenga Wabwino.

Seminale yaikulu ya ku Kachebere, m'boma la Mchinji, imene inatsegulidwa mu 1939, idziwika ndi dzina la Antonio Woyera, ndipo ansembe athu ambiri anadzera m'menemo. Kwa iwo ndi kwa anzao a ku seminale ya Petro Woyera ku Zomba ndipereka pempho ili: wina wodziwa Chilatini atisankhire maulaliki owerengeka, awaike m'chinenero chathu, m'kabuku kotsika mtengo kokwana m'thumba la katekisiti. Asabvutike ndi onse 53, ndipo zothyolathyola mau zija azisiye. Ayambe ndi wa mbalame zolondera, ndi wa zirombo zitatu za m'nyanja.